Za Zithunzithunzi Zakale ndi Umboni Wake



Akulu amene anakonza za masiku ano anatipempha kuti tinenepo mau pa zithunzithunzi zakale zimene zapachikidwa pa khoma la sukulu, ndipo tinavomera ndi mantha, pakuti maphunziro athu anathera pa sukulu ya mishoni, ndipo ntchito yathu ndi choko ndi ana a kumudzi. Koma dzana madzulo, pamene tinali kukhomera zithunzizo, tinaona kanthu kamene kanatisowetsa tulo. Pansi pa chithunzithunzi chilichonse dzina la Mzungu lalembedwa bwino, ndi chaka chomwe. Koma anthu akuda amene aimirira kumbuyo, amene anaumba njerwa ndi kunyamula machila, alibe maina. Mau ake angoti ndi anyamata a pa mishoni. Ena mwa iwo ndiwo agogo a inu amene mwakhala pa mabenchi apa. Chotero tinati, tisanakambe za zathu, tiyambe taonetsa abale chimene chithunzithunzi chikhoza kuchita ndi munthu, pomuchitira umboni kapena pomuchititsa manyazi. Nkhani zake tizitenga kutali, ku Congo ndi ku America, ngakhale njira yake idzatibwezera kwathu kuno. Zina nzowawa kumva, ndipo amai amene ali ndi ana aang'ono akhoza kuyamba awatulutsa panja.

Pa 14 Meyi 1904, pa mishoni ya Baringa, m'kati mwa nkhalango za Congo, panajambulidwa chithunzithunzi cha mwamuna wina atakhala m'mphepete mwa khonde. Wavala kansalu m'chiuno mokha, ndipo maso ake ali pansi. Kumbuyo kwake kwaimirira anthu ena, ali duu. Woyang'ana msanga sazindikira tinthu tiwiri timene tili patsogolo pa mwamunayo; koma akayandikira aona kuti ndi kadzanja ndi kaphazi ka mwana. Mwamunayo ndiye Nsala, wa m'mudzi wa Wala, ndipo mwanayo anali wake, mtsikana wa zaka 5, dzina lake Boali.

Kuti timve chimene chinafikitsa Nsala pa khonde lija, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Nonse mudziwa za Stanley, amene anapeza Dr. Livingstone ku Ujiji mu 1871. Koma si ambiri adziwa kuti Stanley yemweyo analembedwa ntchito ndi Leopold II, mfumu ya Belgium, ndipo kuyambira 1879 kufikira 1884 anayenda m'mbali mwa mtsinje wa Congo, nalembetsa mafumu mapangano pa mapepala amene iwo sanathe kuwerenga. Pa nthawi ya msonkhano wa ku Berlin, wa 1884 ndi 1885, maiko akulu anavomera kuti dziko lonselo likhale la Leopold. Timvetse bwino apa: silinali la boma la Belgium ai, koma la munthu mmodzi, monga mmene munthu akhalira ndi munda wake, ngakhale linali lalikulu kuposa Belgium koposa ka 70. Iye analonjeza kuti adzathetsa malonda a akapolo ndi kutsegulira njira amishoni, ndipo ambiri a mitima yabwino ku Ulaya anamuyamika. Analitcha Congo Free State. Pa zaka 23 zimene analilamulira sanapondemo phazi ngakhale tsiku limodzi.

Poyamba chuma chimene anafuna chinali minyanga ya njovu. Koma mu 1888 munthu wina wa ku Belfast, John Dunlop, anapangira kanjinga ka mwana wake matayala opopa mpweya, ndipo zisanapite zaka zambiri dziko lonse la Azungu linali kufuna mpira, wa njinga poyamba, pambuyo pake wa magalimoto. Ku Congo mpira sunali wobzala. Unali kutuluka m'mitengo yoyanga ya m'nkhalango, imene ikwera pa mitengo inzake kufikira kumwamba. Munthu anayenera kukwera, kutema khungwa, ndi kudikira utomoni kuti udonthere m'kachiwiya. Ena posowa poumitsira anali kudzipaka utomoniwo pa chifuwa ndi m'mikono, ndipo ukauma anali kuumatula pamodzi ndi tsitsi la pathupi. Mitengo ya pafupi ndi midzi itatha, amuna anayamba kuyenda ulendo wa masiku, kugona m'nkhalango ya mvula ndi akambuku, ndipo minda inasanduka tchire, njala nilowa.

Dera la Baringa linapatsidwa kwa kampani yotchedwa Abir. Kampaniyo inalamula kuti mwamuna aliyense azibwera ndi makilo ngati 4 a mpira wouma pa masabata awiri aliwonse, ndipo m'midzi inaikamo alonda a mfuti, amene anali kudya mbuzi ndi nkhuku za eni mudzi. Mudzi ukalephera kukwanitsa muyeso, akazi anali kugwidwa ndi kutsekeredwa kufikira amuna awo atabwera ndi madengu odzaza, ndipo amuna anali kukwapulidwa ndi chikoti cha chikopa cha mvuu. Makolo athu a ku Chiradzulu ndi ku Thyolo anadziwa thangata, ndipo sitichepetsa kuwawa kwake. Koma za ku Congo zinapitirira apo. Akulu a asilikali anali kuwerenga zipolopolo, poopa kuti asilikali akuda angaphere nazo nyama kapena kuzisunga kuti adzawaukire. Chotero analamula kuti pa chipolopolo chilichonse chowombedwa, msilikali aonetse dzanja lamanja la munthu amene wamupha. Taonani tsono chotulukapo chake. Msilikali akaphonya, kapena akawombera nyama ya ndiwo, chiwerengero chinayenera kukwanabe, ndipo dzanja linali kudulidwa kwa munthu wamoyo. Mu 1899 mbusa William Sheppard, munthu wakuda wa ku America amene anali mmishonale wa Presbyterian ku Kasai, anafika pa msasa wina nawerenga yekha manja 81 ali kuwambidwa pa moto kuti asaole.

Mbiri ya zimenezi inatuluka pang'onopang'ono. Kalaliki wina wa kampani ya zombo ya ku Liverpool, E. D. Morel, potumidwa ku doko la Antwerp anaona kuti zombo zochokera ku Congo zifika zodzaza ndi mpira ndi minyanga, koma pobwerera zinyamula mfuti, zipolopolo ndi asilikali, katundu wa malonda wochepa. Iye sanaone bala la munthu ngakhale limodzi. Anangowerenga mabuku a katundu, nazindikira kuti anthu amene salipidwa kanthu ndiye kuti agwira ntchito mokakamizidwa. Roger Casement, nduna ya boma la Britain kumeneko, anayenda m'midzi mu 1903, ndipo kalata yake inasindikizidwa mu Febuluwale 1904. Koma pali mau amene ife a pa mishoni sitiyenera kuwalumpha. Amishoni ambiri anaona zimenezi zaka zingapo asanayankhule poyera, pakuti malo a mishoni zao anali kupatsidwa ndi boma lomwelo, ndipo anaopa kuti akatsegula pakamwa adzathamangitsidwa ndi kusiya nkhosa zao. Mantha amenewo tiwamva, koma anthu anali kufa m'zaka zimene iwo anali chete.

Pa Baringa panali Bwana John Harris ndi mkazi wake Dona Alice Harris, a mishoni ya Congo Balolo, amene anafika m'dzikomo mu 1898. Donayo anali mphunzitsi wa ana monga ife, ndipo anali ndi kabokosi kojambulira ka Kodak. Tsiku lija Nsala anafika ndi anzake atanyamula kaphukusi ka masamba a nthochi, nakamasula pamaso pake. Anafotokoza kuti alonda a Abir anafika m'mudzi mwao chifukwa mpira sunakwane, napha mkazi wake ndi mwana wake, ndipo monga mwa umboni wake, anadya matupi ao. Iye anatola zimene zinatsala kuti akhale ndi choonetsa. Taganizani, abale. Munthu ameneyu sanadziwe kulemba, analibe bwalo la milandu lomumvera, koma anadziwa kuti mau ake okha adzakanidwa, ndipo anayenda ulendo wonsewo ndi umboni m'manja. Ife tiyesa kuti woyamba kuganiza za chithunzithunzi chija, ngakhale sanagwire kabokosi, anali Nsala. Dona Harris anamupempha kuti akhale pa khonde, najambula.

Chithunzithunzicho chinalowa m'buku la Morel chaka chomwecho, ndipo mu 1905 chinaonekanso m'kabuku kamene Mark Twain wa ku America analemba monyoza Leopold. Anthu a mfumu sanakhale chete. Anati zithunzi za amishoni nzopanga, ndipo anali ndi nkhani imodzi yogwirapo: mnyamata wina, Epondo, amene anauza Casement kuti mlonda anamudula dzanja, anasintha mau ake atakhala m'manja mwa akulu a boma, nati inamuluma ndi nguluwe. Nzoona ndithu kuti Dona Harris anali kukonza anthu asanawajambule. M'zithunzi zake zambiri muona ana ovulazidwa atafunda nsalu yoyera, kuti mkono woduka uoneke bwino pa nsaluyo. Koma kufunditsa munthu nsalu si kumudula dzanja, ndipo zithunzizo zinali zambiri, za anthu a midzi yosiyana.

Pofuna kudziyeretsa, Leopold anatumiza oweruza ake atatu kuti akafufuze, ndipo anafika ku Baringa mu Disembala 1904. Kumeneko mfumu ina, Lontulu wa ku Bolima, inabwera ndi timitengo 110, niyala pa tebulo: kamtengo kalikonse kanali munthu wa m'mudzi mwake wophedwa chifukwa cha mpira, tatitali ta akulu, tatifupi ta ana, ndipo anatchula maina ao mmodzimmodzi. Oweruza atachoka, Lontulu anagwidwa ndi anthu a kampani nazunzidwa kufikira imfa. Iye sanakhale pa khonde la Dona, ndipo dziko silidziwa nkhope yake monga lidziwa ya Nsala. Koma kawerengedwe kake ka timitengo kanalembedwa, ndipo kalata ya oweruza, imene inatuluka mu Novembala 1905, inavomera zambiri za zimene amishoni ananena, ngakhale oweruzawo anali osankhidwa ndi mfumu yomwe.

A Harris anabwerera ku England mu 1905, nayamba kuyenda m'matchalitchi ndi m'nyumba za misonkhano ndi nyali yoonetsera zithunzi pa nsalu, yonga imene akulu ena pano anaonerapo nkhani za m'Buku Lopatulika ali ana. Mu 1906 anaoloka ku America, nachita misonkhano ngati 200 m'mizinda 49. Anthu amene sakanawerenga kalata ya nduna anaona Nsala pa nsalu, wamkulu ngati munthu wamoyo, m'nyumba ya mdima. Pa 15 Novembala 1908 boma la Belgium linalanda Congo m'manja mwa mfumu yake, ndipo linamulipira ndalama zambiri pomulanda. Asanapereke dzikolo, Leopold analamula kuti makalata a boma lake atenthedwe, ndipo ng'anjo za ku Brussels zinayaka masiku 8. Iye anamwalira mu Disembala 1909. Anthu a Congo sanawerengedwe m'masiku amenewo, chotero olemba mbiri asiyana pa chiwerengero cha otayika ndi mfuti, njala ndi nthenda. Ena afikitsa pa mamiliyoni 10, ena atsitsa, koma onse anena za mamiliyoni. Ndipo tisayese kuti ntchito yokakamiza inatha tsiku limene mbendera inasintha. Inapitirira zaka zambiri m'maonekedwe ena. Dona Harris anakhala ndi moyo zaka 100, namwalira mu 1970.

Tsono kabokosi komweko kamene kanachitira Nsala umboni kanagwiranso ntchito ina pa munthu wina wa dziko lomwelo. Pali chithunzithunzi cha mu 1906 cha mnyamata wamfupi, wopanda malaya, ataimirira pakati pa mitengo, wanyamula nyani wa mtundu wa chimpanzi. Munthu akhoza kuyesa kuti ndi m'nkhalango ya kwao, koma ndi mu mzinda wa New York, ku malo osungira nyama za kutchire otchedwa Bronx Zoo. Dzina lake ndiye Ota Benga, wa mtundu wa anthu aafupi a m'nkhalango za Congo. Anamutenga ndi Samuel Verner, amene kale anali mmishonale ku Kasai, koma anasiya nayamba malonda. Verner anatumidwa kukafuna anthu aafupi oti akaonetsedwe pa chionetsero chachikulu cha ku St. Louis mu 1904, ndipo ananena kuti anaombola Ota Benga kwa ogulitsa akapolo ndi mchere ndi nsalu. Koma mau a Verner pa nkhaniyi anali kusinthasintha. Ota Benga anali ndi mano osema, osongoka, monga anachitira makolo a mitundu ina ya kuno kwathu pofuna kukongola. Ku America anati ndi mano a munthu wodya anzake, ndipo anthu anali kulipira masenti 5 kuti awaone.

Anabwerera ku Congo ndi Verner, koma mu 1906 anapitanso naye ku America, ndipo Verner atasowa ndalama anamusiya m'manja mwa William Hornaday, mkulu wa malo a nyama aja. Pa 8 Sepitembala 1906 anthu anamupeza m'nyumba ya anyani, m'khola la zitsulo, ndipo posakhalitsa anamuika pamodzi ndi nyani wamkulu wa ku Asia wotchedwa Dohong. Pa kholapo anakhomapo chikwangwani chonena zaka zake 23, msinkhu wake mafiti 4 ndi mainchesi 11, ndi kulemera kwake mapaundi 103, monga alembera za nyama. Maganizo a ophunzira ena a nthawi imeneyo anali akuti anthu otere ali pakati pa nyani ndi munthu. Lamulungu lina anthu ofika ku malowo anakwana ngati 40,000. Amene anaimirira kukana anali abusa, makamaka abusa akuda a Baptist, ndipo wotsogolera anali mbusa James Gordon, woyang'anira nyumba ya ana amasiye ku Brooklyn. Anapita kwa mkulu wa mzinda, koma iye anakana kuonana nao, ndipo nyuzipepala yaikulu ya New York Times inalemba kuti siiona chifukwa cha phokoso lonselo. Atamutulutsa m'khola kuti aziyenda pabwalo, makamu anali kumuthamangitsa, kumutosa ndi kumuseka, kufikira iye anayamba kudziteteza ndi uta ndi mpeni. Pamenepo eni malo anatopa naye, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo anamupereka kwa mbusa Gordon.

Chimene chitiwawa pa chithunzithunzi chimenechi nchakuti mulibe magazi, mulibe chikoti. Nsala anakhala pa khonde mwa kufuna kwake, ali ndi mlandu woti anene. Ota Benga anapatsidwa nyani kuti anyamule, kuti oona aseke ndi kufanizira nkhope ziwirizo, ndipo dzina lake linalembedwa pa chikwangwani popanda cholakwa chilichonse. Kulemba dzina kokha sikukwanira ngati wolembayo sayesa mwini dzina munthu.

Mu 1910 anamutumiza ku mzinda wa Lynchburg, ku Virginia, kumene kunali sukulu ya ubusa ya anthu akuda, ndipo anakhala m'banja la malemu Gregory Hayes, amene anali mkulu wa sukuluyo. Anamuvala mano ake, namuveka zovala za kumeneko, namutcha Otto Bingo. Anaphunzira pang'ono, nagwira ntchito m'nyumba yokonzera fodya, ndipo anyamata a mumzindamo anamukonda chifukwa anali kuwatenga ku thengo kukawaphunzitsa kusaka ndi kufula njuchi. Mtima wake unali kwao, koma nkhondo ya 1914 inatseka njira za zombo, ndipo ndalama za ulendo analibe. Pa 20 Malichi 1916 anasonkha moto, nachotsa zovala mano zija, nadzipha ndi mfuti. Makolo anati mlandu suola. Mu 2020, patapita zaka 114, bungwe losunga Bronx Zoo linapepesa poyera, ndipo chaka chomwecho Philippe, mfumu ya Belgium, analembera mtsogoleri wa Congo kalata yonena chisoni chake pa zimene zinachitika m'masiku a Leopold.

Ena a inu mwagwedeza mitu pakumva dzina la Lynchburg, ndipo simunalakwe. Sukulu yomweyo, pansi pa Gregory Hayes yemweyo, ndiyo inaphunzitsa John Chilembwe, amene anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897 nabwerera kuno mu 1900 kudzayamba Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Anthu awiriwa sanakomane, pakuti pamene Ota Benga anafika, Chilembwe anali atachoka zaka 10 zapitazo. Koma anayenda m'misewu imodzi, nadziwana ndi banja limodzi, ndipo imfa zao zinatalikirana chaka chimodzi chokha ndi masabata owerengeka.

Chithunzithunzi cha Chilembwe chimene tifuna kunena ndi cha mu 1914. Waimirira kutsogolo kwa tchalitchi chake chatsopano cha njerwa, pambali pa mmishonale wachizungu John Chorley, ndipo onse awiri avala zipewa. Ana athu a sukulu tikawaonetsa saona chachilendo. Koma m'masiku amenewo munthu wakuda anayenera kuvula chipewa pamaso pa Mzungu aliyense, ngakhale pokomana pa msewu, ndipo wosavula anali kukalipiridwa kapena kumenyedwa. Nkhani ya chipewa inali yaikulu kotero kuti pa kafukufuku amene boma linachita pambuyo pa nkhondo ya Chilembwe, mboni zakuda zinaitchula kawirikawiri pamodzi ndi thangata ndi msonkho. Chotero munthu uja wa chipewa pamutu anali kunena kanthu, ndipo Chorley, amene anaima naye, anali kuvomereza.

Zimene zinatsata muzidziwa. Pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, ya banja la mwana wamkazi wa Dr. Livingstone, anthu anali kulira ndi thangata, ndipo nyumba zopemphereramo za anthu a Chilembwe zinali kutenthedwa. Nkhondo ya Azungu itafika ku Karonga mu Sepitembala 1914, Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala kudandaula kuti anthu osauka ali kufera mlandu wa eni. Usiku wa 23 Januwale 1915 anthu ake anauka, napha Azungu atatu a pa mindayo. Mmodzi anali William Jervis Livingstone, woyang'anira wa ku Magomero, amene anamudula mutu, ndipo mutuwo unaikidwa poonekera pa mapemphero a Lamulungu ku Mbombwe. Sitibisa zimenezi, ndipo sitizikometsa. Tinganene kokha kuti akazi ndi ana a Azungu amene anagwidwa usiku umenewo anabwezedwa amoyo. Boma linabwezera koposa. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale ali kuthawira ku malire a Mozambique, anthu ake makumi angapo anaphedwa ataweruzidwa mofulumira, ena ngati 300 anaponyedwa m'ndende, ndipo tchalitchi chija, chimene anthu anamanga ndi manja ao zaka zingapo, asilikali anachiphulitsa ndi wonga.

Njerwa zinagwa, koma kapepala kanatsala. Patapita zaka zoposa 100, mwana wa dziko lino, Samson Kambalu, anatenga chithunzithunzi chimenecho naumba nacho chiboliboli cha mkuwa, Chilembwe wamtali kuposa Chorley pafupifupi kawiri, onse ndi zipewa zao. Chinaimikidwa pa bwalo la Trafalgar Square, pakati pa London, mu Sepitembala 2022, ndipo chinakhala pamenepo kufikira 2024, m'dziko lomwelo limene asilikali ake anagumula tchalitchi.

Tibwerere tsono ku khoma la sukulu yathu. M'zithunzi zathu mulibe manja odulidwa kapena khola la zitsulo, ndipo amene anazijambula anali anthu otikonda, amene ena a iwo agona m'manda a kuseri kwa tchalitchi chino. Koma pa chithunzithunzi cha omanga tchalitchi tawerenga anthu akuda 17, ndipo dzana tinatha kutchula awiri okha. Pali mai wina waimirira kumapeto, wasenza mtsuko, nkhope yake yachita mbuu chifukwa anatembenuka pa nthawi yojambula. Mwina anali kutunga madzi a dothi la njerwa, mwina anangodutsa. Agogo amene akanamudziwa atsala owerengeka, ndipo maso ao ali kuchita mdima.

Chifukwa chake tapempha akulu a mpingo, ndipo alola, kuti tikatuluka muno tipite ku sukulu. Pa khomo paikidwa tebulo, kope ndi pensulo, ndipo pa chithunzithunzi chilichonse tamatapo nambala. Agogo ayambe ndiwo kulowa, ndipo achinyamata awagwire dzanja ndi kuwayandikizira nyali. Wozindikira nkhope anene dzina, mfunda, ndi mudzi, ndipo ngati awiri atsutsana tidzalemba mau a onse awiri. Inu alaliki a ku midzi yakutali, kumene kuli okalamba amene sanathe kuyenda, mudzabwereke zithunzizo ziwiriziwiri Loweruka likudzali, muzikulunge bwino chifukwa cha mvula, ndipo mudzazibweze mwezi usanathe.